Mahita Awiri mu Uvuni wa Selina

Lolemba, 6 Januwale

Amene adzapeze kope ili andikhululukire kalembedwe. Sukulu ndinalekera Giredi 4, ndipo dzanja langa linazolowera sipanala, osati bolopeni. Mawu ena ndilemba mmene ndimawamvera m'khutu. Komanso sindikulembera munthu. Selina mkazi wanga akuti watopa kumva za kuntchito pa nshima tsiku ndi tsiku, ndiye wandigulira kope kuti ndizidandaulira m'menemo.

Ndiyambe ndi chitini changa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala pa pulesi imodzimodzi, makina opanikiza, m'fakitale yathu yaing'ono ya mphira. Timaumba masolo, zapansi za nsapato. Mphira yaiwisi timaiika m'chikombole, pulesi imatseka, kutentha kumaphika. Kutenthako kumachokera ku mahita asanu ndi atatu amene amalowa m'mabowo a chitsulo chomwe chikombole chimakhalapo. Hita ndi kandodo kachitsulo, kunenepa ngati chala changa chapakati, kutalika ngati dzanja lotambasula, kumchira kuli mawaya awiri. Imodzi ikafa, ngodya imodzi imazizira, solo imatuluka yosapsa.

Mahita osungira ndimawaika m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa pulesi, pofunda. Anandiphunzitsa ndi malemu a Petson, fitala, wokonza makina wakale wa kumgodi amene anaimika pulesi imeneyi. Ankati m'kati mwa hita muli ufa woyera umene umamwa chinyezi ngati mchere nthawi ya mvula. Hita yonyowa m'kati ukaipatsa malaiti, imaphulika.

Lero ndafika, chitini palibe. Loweruka anayeretsa fakitale yonse ine ndili ku maliro ku Bwacha. Woyang'anira watsopano, Terence, wa kukoleji, amene anabwera mu Novembala, watenga mahita onse asanu ndi imodzi wakaika m'sitoo, chipinda chosungiramo zida. M'katoni, pa shelefu ya pansi. Kukhoma lija limene limatuluka thukuta mvula ikagwa. Wamatapo ndi kapepala kolembedwa bwino.

Ndamuuza mwaulemu, chipewa chili m'manja. Akuti, "Ba mdala, apa si pa kichini. Chilichonse chili na malo yake."

Chitini ndachipeza kuseri. Aikamo madzi a galu.

Lachiwiri, 7 Januwale

Zimene ndinkaopa.

Cha m'ma 10 koloko masolo ayamba kutuluka ofewa ku chidendene. Ndagwira waya, ndadziwa kuti hita ya kumanzere yafa. Si chachilendo, inali yakale. Terence (kuyambira lero ndizilemba T. chabe, dzina lake likundithera inki) watsegula sitoo wandipatsa imodzi. Nditangoigwira ndamva kuzizira kwake mpaka m'chigongono. Ndinati, bwana, tiiike kaye pamwamba pa pulesi mpaka mawa. Akuti oda ya masolo ikudikira.

Ndapukuta bowo ndi kansanza, ndalowetsa ndi dzanja osamenya, ndamanga mawaya. Titayatsa sipanathe mphindi. Phu. Fungo la waya wopsa, swichi yaikulu yagwa, fakitale yonse zii.

Chansa, mayi amene amadula m'mphepete mwa masolo ndi sizasi, wakuwa ali pa tebulo lake kuti, "Ba Zakeyo, mwatiphikila chani lelo?" Onse aseka. Ine ayi.

T. akuti ndamanga mawaya molakwika. Ine. Mawaya awiri, zaka zonsezi. Wabweretsa yachiwiri, waima pamsana panga kundiyang'ana ngati ndikulemba mayeso. Nayonso phu. Apa sakanatha kunena za mawaya chifukwa anaona yekha, ndiye wapeza china: "Mwaikankha na mphamvu maningi, mwaipwanya mukati."

Atsala anayi. Ena amachokera kunja kwa dziko kudzera ku Lusaka, amatenga masabata atatu. Masukulu akutsegula, osoka nsapato akubwera pa geti kudzafunsa masolo. Mwini fakitale, Mayi Nosiku, ali ku Lusaka mpaka sabata ya mawa.

Lachitatu, 8 Januwale

Mvula tsiku lonse. Ndikugwira ndi mahita asanu ndi awiri, ndikutembenuza chikombole pakati pa kuphika kuti mbali yozizira ipseko. Msana ukuwawa. Nthawi zonse ndikadutsa pa chitseko cha sitoo ndikuona ngati ndikumva mahita aja akumwa madzi.

Lachinayi, 9 Januwale

T. wapachika bolodi yoyera pafupi ndi khomo. Masolo otayidwa amalemba pamenepo, ndi dzina la amene wawononga. Dzina lake ndi limodzi lokha. ZAKEYO, zilembo zazikulu, zofiira. Ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti akhoza kuwerenga ali panja.

Pa tiyi ndapitanso kwa iye. Ndinakonzekera mawu kuchokera kunyumba, ndinabwera ndikuwabwereza mu minibasi. Ndafotokoza za ufa woyera, za mchere, za a Petson. Wamvetsera akusisita foni. Kenaka akuti, "Nionetseni mu buku." Buku liti? A Petson analibe buku. Anali ndi zipsera za moto m'manja monse.

Ndinati chabwino, musakhulupirire ine, ingoikani imodzi yokha pamwamba pa pulesi masiku awiri, mutaya chiyani? Akuti akalola ine, mawa wina aika kapu, wina aika nsapato, tabwerera kumene tinali. Akutinso mawa lino tiyesa yachitatu "na munthu wina".

Munthu wina. Pa pulesi yanga.

Ndabwerera, Chansa akuti chapansipansi, "Musadandaule ba mdala, nayo mvula tizailemba pa bodi." Ndinafuna kuseka koma sindinathe.

Bwanji akaphulika onse anayi? Pulesi ikaima masabata atatu, adzati waimitsa ndani? Dzina lili kale pa bolodi.

Lachisanu, 10 Januwale

Ndachita chinthu.

Munthu wina uja sanabwere, akuti Lolemba. Masana T. wandituma m'sitoo kukatenga thumba la mphira, kiyi wandipatsa yekha. Ndagwada kuona mahita. Katoni yawo yafewa pansi ngati buledi wa m'tiyi. M'kapulasitiki kamene anawakulungira muli timadontho.  Kenaka ndatenga awiri, imodzi ya m'bowo lakufa, ina yosungira, ndalowetsa m'chikwama changa cha chakudya.

Si kuba. Ndikulemba pano kuti zidziwike. Ndikawaumitsa mu uvuni wa Selina, Lolemba m'mawa ndiwabweza, ndilowetsa imodzi T. asanafike, aone yekha ikugwira.

Ndafika pa geti. Mlonda ndi a Nason, timaimba kwaya imodzi ku tchalitchi, iwo besi ine tenala. Ena onse amawatsegulitsa zikwama. Ine zaka zonsezi sanandisechepo. Angoti, "Mufike bwino ba Zakeyo, mukapatse moni amayi." Ndayankha mawu osamveka ngati ndili ndi mbatata yotentha pa lilime.

Mu minibasi ya kwathu ku Natuseko ndakumbatira chikwama njira yonse. Kondakitala akuti, "Ba tate, muli golide umo?"

Loweruka, 11 Januwale

Tsiku labwino, ndilembeko limodzi.

Selina amaphika masikono ogulitsa mu uvuni wa mgolo, malasha pansi ndi pamwamba. Nditamuonetsa mahita anaika manja m'chiuno. "Atate ake a Thandizo, munapempha?" Ndinati ndinapempha kawiri kuti aume, anakana. Akuti, "Sindinafunse zimenezo."  Akuti, "Masikono anga akanunkha waya, mudya nokha thireyi yonse, ndipo ndikhala pompano kukuyang'anani."

Atatulutsa thireyi yomaliza tachotsa malasha a pamwamba, tasiya ochepa pansi. Moto waukulu ungapsereze mawaya. A Petson ankati dzanja lizitha kukhala m'kati mpaka uwerenge kufika pa khumi. Ndaika mahita pa njerwa ziwiri, mawaya kuloza ku chitseko. Masana onse ndakhala pa kampando ndikuwonjezera khala limodzilimodzi. Selina amadutsa n'kufunsa ngati alendo anga apsa, awathire shuga.

Madzulo ndawatulutsa. Opepuka m'mtima mwanga, kaya m'dzanja. Ndawakulunga m'kansalu kouma, ndaika m'chigubu chokhala ndi chivindikiro.

Lamlungu, 12 Januwale

Pochoka ku tchalitchi ndawabwezanso mu uvuni maola atatu, kuopa kuti dzulo sizinakwane. A Nason anaimba bwino lero. Sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Lolemba, 13 Januwale



Ndinafika 6:30 kuti ndimuyambirire. Ndapeza T. ali kale pa geti, waima pambali pa a Nason. Kani Loweruka anabwera kudzawerenga zinthu za m'sitoo, anapeza mahita awiri palibe.

Akuti, "Ba Nason, vikwama vonse lelo. Kuyambila apa."

A Nason akuti, "Bosi, aba balowa, sibachoka." T. akuti segulani. A Nason atsegula chikwama changa ngati akutsegula bala la munthu. Pamwamba masikono awiri. Pansi kansalu ka Selina. T. wafunyulula yekha, pamaso pa anthu onse amene amafika pa ntchito, ndi osoka nsapato awiri amene amadikira masolo.

Ndinati ndinakawaumitsa. Ndinati gwirani muone, nunkhizani. Ndinati wakuba wa mtundu wanji amene amabwera ndi katundu m'mawa kulowa naye m'kati? T. akuti, "Wamene wamvela kuti tamuziba." Akuti ndinafuna kukagulitsa, wina wandinong'oneza kuti zadziwika, ndachita mantha. Ndani angagule hita ya pulesi ku Natuseko? Aiphikire chiyani?

Kenaka watembenukira a Nason: zinatuluka bwanji pa geti panu Lachisanu? A Nason ayang'ana ine.  Bola akanatukwana.

Andipatsa pepala la Chingelezi. Chansa wandiwerengera kuseri kwa geti. Akuti ndaimitsidwa ntchito chifukwa cha kuba katundu wa kampani, mlandu udzakambidwa Lachinayi pamaso pa Mayi Nosiku. A Nason nawonso awauza apite kunyumba mpaka tsiku lomwelo.

Kuba. Bambo anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza, anagwira mu mgodi mpaka chifuwa chinawatenga, sanabweretsepo kunyumba ngakhale msomali. Lero dzina lawo lili pa pepala limodzi ndi mawu amenewo.

Ndipo chimene ndinafunsa potuluka, Mulungu andikhululukire, si za ntchito yanga. Ndinafunsa kuti mahita ajawo muwaika pati. T. akuti ndi umboni, akhala m'diro ya tebulo la mu ofesi. Bola mu ofesi ndi mouma.

Selina sananene kuti ndinakuuzani. Wangotenga chikwama wachapa.

Lachiwiri, 14 Januwale

Kukhala pakhomo Lachiwiri masana, munthu wamwamuna, wosadwala. Amayi a pa mpopi aleka kulankhula nditadutsa. Mwina sakudziwa kanthu. Mwina akudziwa zonse.

Ndapita ku Nakoli kwa a Nason. Akazi awo sanandipatse mpando. A Nason atuluka atavala malaya a m'kati, taima pansi pa mtengo wa mango. Ndapepesa. Akuti, "Mukanandiuza chabe, ba Zakeyo. Ndikanakana, koma mukanandiuza." Ali ndi zidzukulu zitatu pakhomo, za mwana wawo amene anamwalira. Izi ndinazidziwa Lachisanu. Ndinaganiza za katoni yonyowa, sindinaganize za iwo.

Madzulo Chansa wadzera kuno pochoka kuntchito. Akuti dzulo hita inanso yakale yafa, mabowo ozizira tsopano ndi awiri, palibe solo yatuluka yabwino. Munthu wina uja sanabwerenso. T. wavula wotchi, walowetsa yekha hita ya m'sitoo. Phu. Chansa akuti anamufunsa kuti, "Bosi, tilembe zina ya ndani pa bodi?" T. akuti mahita onsewo ndi oipa kuchokera kofula, kumene anapangidwa.

Yatsala imodzi m'sitoo. Sindinakondwere. Chabwino, ndinakondwera pang'ono.

Lachinayi ndikanene chiyani? Ndikaima pamaso pa akuluakulu lilime limauma. Zaka zanga ndi makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Ndi pepala limenelo ndani angandilembe ntchito, ngakhale yosesa?

Lachitatu, 15 Januwale

Masana Chansa waimba foni, akulankhula monong'ona ali kuchimbudzi. "Ba mdala, mvelani." Wakweza foni. Ndamva pulesi ikutseka ndi kutsegula, mawu ake ndimawadziwa ngati kutsokomola kwa Selina. Akuti T. anatseka chitseko cha ofesi m'mawa, anakhala pa foni yake nthawi yaitali, kenaka watuluka ndi mahita anga awiri a m'diro, walowetsa onse. Agwira. Masolo akutuluka akupsa mbali zonse.

Umboni wa kuba kwanga ukuphika masolo. Ndinazungulira nyumba katatu.

Cha m'ma 5 koloko, Selina akukolezera moto wa masikono a mawa, ndaona munthu pa mpanda wavala shati yoyera, nsapato zili matope. T. mwini wake. Anachita kufunsa njira.

"Odi, ba mdala."

Selina wamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Ndinati awa ndi bwana aja. Akuti, "Oho. Amene amati apa si pa kichini? Afika pa kichini tsopano, apatseni mpando."

T. wakhala. Watsegula chikwama chake cha kompyuta, watulutsa hita yomaliza ija ya m'sitoo. Akuti hita ina yakale, ya pangodya ya pulesi, waya wake wang'ambika, sitha sabata, ndipo iyi akuopa kuilowetsa mmene ilili. Akuti wawerenga, nkhani ya chinyezi ilimo ndithu m'mabuku, kungoti iye sanafikepo pa tsamba limenelo. Akufunsa kuti mu uvuni imakhala maola angati.

Ndinati pulesi yatentha tsopano, ikani pamwamba pake iuma yokha. Wayang'ana pansi. Akuti, "Bantu bazaona."

Ndiye wayenda ulendo wonsewu, matope onsewa, kuti Chansa asaone.

Ndinafunsa kuti yatuluka bwanji pa geti. Watulutsa kapepala. Chilolezo chotulutsa katundu. Wopempha Terence, wovomereza Terence. Chifukwa chake walemba m'Chingelezi, wandiwerengera yekha: kukaumitsa.  Chinthu chomwecho, uvuni womwewo, msewu womwewo. Ine wakuba.

Sizinathere pomwepo. Akuti mawa pa mlandu ndingovomera kuti ndinatenga, ndipepese, ndisatchule za kuumitsa. Iye andipemphera chifundo, andipatsa chenjezo lomaliza, ndibwerera pa ntchito. Chifukwa anauza kale madamu, Mayi Nosiku, pa foni kuti mahita atatu aja anaphulika chifukwa cha kalowetsedwe kanga ndi kuipa kwa kofula. Akuti akadali pa miyezi yoyesedwa, mkazi wake ali ndi mwana wa miyezi iwiri. "Tithandizane, ba mdala." Ndinafunsa za a Nason. Akuti za alonda si iye amaweruza.

Sindinayankhe inde kapena ayi. Ndinangolandira hita chifukwa inali yozizira ndipo manja anga anaitenga okha. Akuti adzaitenga Lachisanu, mlandu ukatha. Akupinda kapepala kuti abweze m'thumba, Selina watambasula dzanja. "Pepala likhale pamene pali katundu wake, bambo. Nyumba ino yakwana nayo milandu." T. anazengereza, kenaka wapereka. Selina waika m'chitini chake cha yisiti.

Atapita ndayamba kuganiza. Bwanji ngati ndi msampha? Apolisi abwere apeze hita ya kampani mu uvuni? Ndauza Selina. Akuti, "Adzapezanso pepala. Onjezani khala, alendo anu akuzizidwa."

Ndikangokhala chete ntchito ndili nayo. Wanena yekha. Ndikhala ndi ntchito ndi dzina la wakuba amene anamukhululukira. Ndikalankhula, mwina madamu akhulupirira wa kukoleji, nditaya zonse ziwiri.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndavala jekete ya ku tchalitchi. Hita m'thumba lam'kati, kapepala m'thumba lina. Potuluka pakhomo sindinadziwe ngati ndizitulutsa. Ndinadziuza kuti ndikungomubwezera T. katundu wake. Pa geti pali mlonda wachilendo, wandisecha chikwama, jekete sanaigwire. Thukuta mpaka m'masokosi.

Mu ofesi: Mayi Nosiku kuseri kwa tebulo, T. pambali ndi fayilo, ine ndi a Nason pa benchi ngati ana a sukulu. Kuseri kwa khoma pulesi ikugunda.

Madamu salankhula mokweza. "Ba Zakeyo, munatenga?" Ndinatenga, madamu. "Munapempha?" Kutulutsa sindinapemphe. Afunsa a Nason ngati anandisecha. A Nason akuti ayi, sanandisechepo chiyambire, ndipo sanaonepo chifukwa. T. wayamba mawu ake achifundo, kuti mdala wagwira nthawi yaitali, ukalamba, mavuto a kunyumba, tisamuchotse. Mavuto a kunyumba kwa ndani? Ndinaluma mano. Ndinali nditasankha kukhala chete, ndivomere pano.

Kenaka madamu akuti, "Vintu vamene anaba vili kuti? Niviwone."

T. watsegula fayilo, watseka. Akuti zili mu pulesi.

"Mu pulesi. Visebenza?"

Akuti zikugwira.

"Nanga vitatu vija vinapulika, ivi viwili sivinapulike. Bokosi imozi. Chifukwa?"

T. akuti mwina mwayi, m'bokosi loipa mumapezeka zabwino. Mwayi. Masana awiri ndili pa kampando ndikuwerenga makala, iye akuti mwayi. Pamenepo sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaimirira osapempha. Ndatulutsa hita ndaika pa tebulo, ndatulutsa kapepala ndaika pambali pake. Ndinati, madamu, iyi ndi yachisanu ndi chimodzi, yagona mu uvuni wa mkazi wanga, wabweretsa ndi bwana awa dzulo, pepala ndi ilo. Ndinati ine Chingelezi sindiwerenga koma inu mumawerenga. Ndinati ndinalakwa kutulutsa osanena, ndipo ndinalakwira a Nason koposa inu, koma wakuba sindine, ndipo sindibwerera pa pulesi ndi dzina limenelo ngakhale mundipatse chifundo chodzaza wilibala. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinafunira. 

Madamu awerenga kapepala kawiri. Sanayang'ane T. Atenga hita, aitembenuza, ainunkhiza. Akuti, "Inunkha masikono."

Palibe anaseka.

Kenaka akuti kwa ine, ndipo izi zinawawa chifukwa ndi zoona: nambala yawo ya foni ndili nayo, bwanji sindinaimbe Lachinayi lapitalo? Ndinati ndinaopa kudumpha bwana. Akuti, "Munaopa foni, koma simunaope geti." Akuti akalekerera, mawa wina atenga mota kukaichapa kunyumba, nayenso ndi mtima wabwino.

Atiuza ine ndi a Nason tipite, makalata atipeza Lolemba. T. amuuza atsale. Potuluka ndinamuona nkhope, inali ngati phulusa. Ndinaganiza za kamwana ka miyezi iwiri. Ndinakwiyanso kuti bwanji ndine ndikuganiza za mwana wake.

Panja a Nason akuti, "Tenala yanu ija inatuluka lelo." Ndi mawu okhawo. Koma tayenda limodzi mpaka pa siteshoni ya minibasi.

Lachisanu, 17 Januwale

Palibe. Ndakonza chitseko cha nkhuku chimene sichinali chowonongeka.

Lolemba, 20 Januwale

Kalata sinabwere. Ndakhala pa khonde kuyambira m'mawa, njinga iliyonse yodutsa ndimaimirira.

Madzulo Chansa. Akuti T. akadali pa ntchito, salankhula ndi munthu, bolodi yafufutidwa. Akuti madamu analowa okha m'sitoo Lachisanu, anagwira khoma ndi dzanja, anatuluka akupukuta pa siketi. Ndipo lero hita ya pangodya ija yafa. T. sanaikhudze. Madamu atuma Chansa kuti andiuze: mawa 7 koloko ndibwere ndi ovolosi ndidzalowetse yomaliza ija.

Ndinafunsa, ndabwerera pa ntchito kapena ndi ya tsiku limodzi? Sakudziwa. Pepala la kuba lija? Sakudziwa. A Nason? Akuti dzina lawo silinatchulidwe, mlonda wachilendo uja akadali pa geti.

Selina akuti pitani mukaone. Ndinati ndikalowa ndekha, ndikalowetsa hita, pulesi ikagwira, nkhani ya a Nason yathera pomwepo, palibe adzaikumbukire. Akuti ndiye mufuna kutani, inu amene mumaopa ndi foni yomwe?

Lachiwiri, 21 Januwale, m'mawa

Ndavala ovolosi. Ndaimbira a Nason kuti avale yunifomu, ndiwadzera ku Nakoli, tikaime pa geti tonse awiri. Akuti sanaitanidwe. Ndinati ndikudziwa, ndipo hita ija sindiigwira mpaka madamu atuluke atiuze tonse pamaso. Kenaka akuti nsapato zawo n'zosapolisha, ndiwapatse mphindi khumi.

Tiyi ndalephera kumwa. Sindikudziwa ngati atilowetsa tonse, kapena mmodzi, kapena tibwerera pa geti pomwepo. Kalata sinabwere, ndipo mawu oti kuba pa pepala lija sanafufutidwe.